Zimene Mayi Helena Anamva mu Gitala ya Edgar

Mumsika wa ku Insaca, pamzere wa nsomba zouma, pali mayi amene anthu amawatcha Helena wa Njanji. Sanagwirepo ntchito kunjanji. Dzinali linabwera chifukwa cha bandi imene akhala akuikonda kuyambira ali mtsikana, Njanji Yothyoka.

Anaidziwa mu 1989, kumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Malawi, kufupi ndi malire. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Bambo awo anali atatsala kumudzi, osadziwika ngati ali moyo. Tsiku lina masana, akuchokera kolandira nandolo, anamva chiphokoso kuseri kwa sukulu ya udzu, ngati chigayo chimene chalowa mwala. Atapita anapeza anyamata atatu. Khalidi ankamenya ng'oma za zitini za mafuta. Vitorino ankayamba nyimbo motsitsa ngati akunong'oneza khanda, kenako n'kukuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kutupa. Edgar anali ndi gitala ya mawaya a mabuleki a njinga, yolumikiza ku batire ya galimoto ndi sipika yong'ambika, ndipo kung'ambikako ndiko kunkachititsa gitalayo kubangula. Zala zake zinkathamanga moti maso sankatha kuzitsatira. Anyamatawo ankati nyimbo zawo ndi roko, dzina limene analimva kwa mphunzitsi wina wochokera ku Nampula.

Akuluakulu ankati ndi misala. Helena anaima pomwepo, thumba la nandolo lili pamutu, mpaka nyimbo zonse zinatha.

"Tonsefe tinali ndi mkuwo m'mimba," amatero masiku ano, "koma amene anali ndi mtima woutulutsa anali atatu aja."

Nthawi imeneyo bandiyo inajambula kaseti imodzi yokha, pa wailesi ya namwino wa kumsasa. Mtendere utabwera, Helena anabwerera kwawo mu 1994 kasetiyo ataikulunga m'pepala la pulasitiki pansi pa ufa. Kumudzi anapeza tchire ndi manda a bambo awo. Anyamata aja anabalalika, osamvekanso. Helena anakwatiwa, anabereka ana anayi, nayamba kupikula milamba ndi matemba kunyanja ya Chiuta. Kaseti ija ankaiimba ali pantchito, ikatha mphamvu n'kuijambulitsa pa ina. Ankadziwa pamene waya wa Edgar umaterereka, ndi pamene mbuzi ya kumsasa inalirira pakati pa nyimbo yachitatu.

Mu 2008 a Efraimu, mwini baraka ya zakumwa ku Entre Lagos, analandira disku kuchokera kwa mnzawo wogwira ntchito m'sitima. Njanji Yothyoka inali itakumananso ku Nampula n'kutulutsa nyimbo zatsopano zisanu ndi zitatu. A Efraimu, amenenso anali kumsasa kuja, anatumiza uthenga kwa onse okonda bandiyo. Loweruka masana anasonkhana anthu khumi ndi awiri, ena imvi zitayamba. Helena anatseka benchi yake ya nsomba nakwera shapa, minibasi yopita ku Entre Lagos.

Disku inaimba mpaka kumapeto. Woyamba kutsegula pakamwa anali a Efraimu omwe.

"Iyi si Njanji. Njanji inkaluma. Iyi aichapa ndi sopo."

"Ine ndakondwa kuti mawu akumveka," anatero a Safiya, amene amasoka zovala pafupi ndi siteshoni. "Zaka zonsezi ndimangoimba zoganizira."

A Adamu, msodzi wa ku Chiuta, anapukusa mutu. "Vitorino akuimba ngati munthu wokhuta. Koma wandikhumudwitsa kwambiri ndi Edgar. Wachita ulesi. Kale ankathamanga, lero akungokokera ngati ng'ombe yapangolo."

Anakangana kwa nthawi ndithu. Ena ankati munthu wa zaka makumi anayi sangakuwe ngati mnyamata wanjala. Ena ankati ngati sangathe, akanangosiya dzina lija ligone mwaulemu.  Helena anapempha kuti abwereze nyimbo yachiwiri, nasendeza mpando kufupi ndi sipika. Anaimvera katatu atatsinzina.

"Si ulesi," anatero pomaliza. "Dzanja lake lamanzere silili bwino. Pamene ankakwera ndi zala zinayi, tsopano akutsetsereka ndi chimodzi. Malo ena akuwazungulira ngati munthu wolambalala dzenje panjira. Zala ziwiri palibe, kapena zinauma."

Anthu anaseka. "Mayi Helena, mwayamba kuombeza pa disku?" anafunsa a Efraimu. Helena anangomanga chitenje chake n'kukadikira shapa yobwerera.

Patapita miyezi itatu bandiyo inabwera kudzaimba pabwalo la pafupi ndi siteshoni ya Entre Lagos, Lamulungu masana. Anthu anachokera mbali zonse ziwiri za malire, panjinga ndi wapansi. Edgar anatsika m'lole ali bambo wadazi, dzanja lamanzere lili m'thumba la jekete. Atakoleka gitala paphewa analitulutsa. Chala chaching'ono ndi chotsatira chake panalibe.

A Efraimu anali ataima pambali pa Helena. Anavula chipewa, nayang'ana mayiyo. A Adamu anakhala pansi pafumbi.

Ndiye bandiyo inayamba kuimba. Gitala ya Edgar sinathamange. Ankagwira liwu limodzi n'kulikoka mpaka linkanjenjemera pachifuwa cha munthu aliyense pabwalopo, kenako n'kulisiya ligwe. Vitorino anaimba motsitsa pafupifupi nyimbo zonse, ndipo pamene anakuwa, kamodzi kokha, amayi ogulitsa nthochi kunjanji anasiya madengu awo n'kubwera kudzaona. Anthu akale a kumsasa sanavine. Anaima chilili ngati ali pamaliro.

Bandiyo itamaliza, a Efraimu anagwira Helena pamkono n'kupita naye kwa Edgar.

"Achimwene, mayi awa anatiuza za dzanja lanu miyezi itatu yapitayo. Ife tinawaseka."

"Anakuuzani ndani, mayi?" anafunsa Edgar.

"Nyimbo yachiwiri ija."

Edgar anakhala pa sipika. Anafotokoza kuti mu 1995, akulambula munda wa amayi ake, khasu linagunda bomba lokwiriridwa. Kwa zaka khumi sanakhudze gitala. Atayambiranso, anatha zaka ziwiri akuphunzira kuimba mwanjira yoti munthu asazindikire, ndipo ngakhale wojambula nyimbo ku Nampula anadziwa pokhapokha atamuona ndi maso.

"Ndiye kuti ndinalephera kubisa," anatero. "Ndiuzeni zoona, disku imeneyi ndi yoipa?"

"Yachiwiriyo iposa zonse zimene munaimbapo, ngakhale za kumsasa," anayankha Helena. "Koma yachisanu ija, komanso yomaliza ija, mukanazisiya. Mulibe kanthu m'menemo."

Edgar anaseka mpaka misozi, naitana Vitorino ndi Khalidi kuti adzamve okha. Vitorino, amene anapeka yomalizayo, sanakondwe kwenikweni, koma anawagwira chanza mayiwo ndi manja awiri.

Mtsutso wa ku baraka sunathe. A Adamu mpaka lero amati kaseti yakale ndiyo Njanji yeniyeni, ndipo a Safiya amati iwo sangabwererenso ku chiphokoso chija. Chimene chinasintha n'chakuti akafika pa Edgar, onse amatsitsa mawu. Chaka chotsatira bandiyo isanajambule nyimbo zina, munthu wa m'sitima anabweretsa kaphukusi ku Insaca. Munali nyimbo khumi ndi imodzi ndi kalata yochokera kwa Edgar yopempha kuti mayi Helena asankhepo zoyenera. Anazimvera kwa sabata ziwiri akugulitsa matemba, nasankha zisanu ndi imodzi.