Tinyali Tadongo ta Madamu

Mundikhululukire inu owerenga kuti munthu ngati ine, amene ndinayambira sukulu pansi pa mtengo ku Nchilamwela, ndalimba mtima kugwira cholembera. Sindine mlembi. Kungoti nkhaniyi ndaisunga nthawi yaitali ndipo ikundilemera.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mu Fomu 1, pasukulu ina yoyendera pafupi ndi esiteti ya tiyi kumene bambo anga anali kapitawo. Chifalansa ankatiphunzitsa mayi wina wachimwenye wochokera ku Morishasi, amene amuna awo ankakonza makina kufakitale. Ankangodzipereka, ndipo tonse tinkawatchula kuti Madamu. Ine ndinali wamanyazi. Chimene ndinkafuna pamoyo n'chakuti aliyense azinena kuti Esinati ndi mwana womvera.

Mu Okutobala, dzuwa likuwamba, tiyi atayera ndi fumbi podikira mvula, Madamu anatiuza za chikondwerero cha kwawo chotchedwa Divali. Anati Ahindu amasesa m'nyumba, amaphika zotsekemera, n'kuyatsa tinyali tadongo pakhomo posonyeza kuti kuwala kumagonjetsa mdima. Ankafuna kuti tiphunzire mawu a Chifalansa tikuziona zinthuzo ndi maso, koma tinyalito analibe.

"Mayi anga amaumba," ndinatero. Kanali koyamba kuyankhula m'kalasi osalozedwa.

Mayi anaumba timbale khumi ndi tiwiri tokhala ndi kamlomo, uku akuseka. "Mphika wanji uwu wosakwana ndi dzira lomwe?" Anatiwotcha pamodzi ndi mitsuko yawo.

Tsikulo Madamu anaphimba mawindo ndi zitenje. Patebulo anaimika chithunzi cha mayi wa manja anayi atakhala paduwa, nanena kuti ndi mmene Ahindu amajambulira mulungu wawo wamkazi. Anathira mafuta ophikira m'timbale tija, napota thonje. Akayatsa kamodzi ankati "la lampe", "la lumière", ife n'kumabwereza. Kalasi yonse inanunkhira ngati pokazinga mandasi, ndipo nkhope za anzanga zinkawala. Kenako anandipempha kuti ndiwapatsire kanyali komaliza kali koyaka. Kwathu mtsikana sapereka chinthu kwa wamkulu ali chilili. Ndinagwada patsogolo pa tebulo paja, ndinapereka ndi manja awiri.

Pofika Sabata, nkhani inali itafika kutchalitchi kuti mwana wa akapitawo wagwadira fano. Lolemba anyamata ankaima awiriawiri, wina kumbuyo kwa mnzake, n'kumatambasula manja.

"Esinati, tigwadire nafenso! Awerenge, akwana anayi!"

Lachitatu anandiitana ku ofesi ya ahedi. Munali a Muhiwa, mkulu wa mpingo wathu amenenso anali wapampando wa komiti ya sukulu. Munali bambo anga, chipewa chili pabondo. Madamu anawakhazika pafupi ndi chitseko. Ndinagwada pasimenti ndendende monga ndinagwadira tsiku lija, koma palibe anaona kufanana kwake.

"Usanjenjemere, mwanawe," anatero a Muhiwa. "Unagwada?"

"Inde."

"Fanolo lili patsogolo pako, moto uli m'manja?"

"Inde."

"Ndiye kuti anakuuza ndi adonawa, eti? Mwana woleredwa m'Sabata sangachite zimenezo payekha."

Ndinayang'ana bambo, iwo anayang'ana nsapato zawo. Ndinaliona yankho limene akuluakuluwo ankalidikira. Chibadwire ndinali ndisanayankhepo wamkulu kuti ayi.

"Inde."

"Esinati," anatero Madamu m'Chichewa chawo chopotoka, "ine ndinanena gwada?"

Sindinadzutse mutu.

A Muhiwa analamula kuti tinyali tija tiikidwe pabwalo, ana onse afole. "Wabweretsa ndiwe, uphwanyenso ndiwe." Ndinaponda koyamba ndi nsapato yanga yapulasitiki, koma sikanasweke. Dongo la mayi linali lopsa bwino. Anandipatsa mwala. Nditaphwanya, mnyamata wina kumbuyo anafuula kuti, "Un!" Pa kachiwiri kalasi yathu yonse inalowerera: "Deux!" Anawerenga mpaka kotsiriza osaphonya, ndi katchulidwe kabwino kamene Madamu anatiphunzitsa. Mafuta otsalira anandithimbirira siketi.

Madamu anaima pakhonde mpaka ndinamaliza. Atanyamula chikwama chawo, anadutsa pafupi nane n'kunena motsitsa mawu kuti, "Uwauze amayi zikomo. Amaumba bwino." Sanabwerenso. Piriyodi ya Chifalansa inasanduka yotchetcha udzu, ndipo omwe aja ankandiseka anayamba kundilozera zikwanje kuti, "Taona ntchito yako, Abiti Inde."

Patapita masabata atatu ndinawauza bambo zoona, akutsuka majombo kuseri kwa nyumba. Ndinati Madamu sanandiuze kanthu, ndinagwada mwaulemu chabe.

"Ndinadziwa," anatero osatembenuka. "Kugwadako ndinakuphunzitsa ndine. Koma ukanati ayi, bwenzi atatidula tonse mumpingo. Madamu aja ali ndi kwawo. Usaiyambenso nkhaniyi."

Uthenga wa zikomo uja mayi sindinawapatse. Ndinkachita manyazi.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndazindikira kuti chimene ndinkachitcha ulemu tsiku lija chinali mantha. "Inde" wanga sanali wa aliyense: ndinkamupereka kwa amene wandiimirira pafupi. Anthu anandiyamikira, a Muhiwa ananditchulanso paguwa ngati chitsanzo, ndipo munthu yekhayo amene sanandipemphe bodza ndiye ndinamuchotsa.

Ndinayesa kamodzi kukapepesa. Ndinadutsa m'mizere ya tiyi mpaka kunyumba za mabwana, mawu a Chifalansa opepesera nditawalemba pachikhatho. Mlonda wapageti anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Adona achimwenye aja? Wachedwa, mwana. Lole yakatundu yanyamuka m'mawa uno."

Linali Lachisanu, tsiku lotsekera teremu yachitatu, m'chaka cha 2003.