Tsiku Limene a Lemani Anaukitsa Malemu

A Lemani Mphepo ndi mkamwini ku Kapelula, koma pa boma la Kasungu ndi dokotala wa makompyuta. Kumudzi ntchito imeneyi saiwerengera. Apongozi awo amati munthu woweruka m'manja muli mbee ndiye kuti waswera pamthunzi.

Chaka china cha makuponi, mitambo itayamba kuda, kompyuta ya pasitolo ina ya feteleza inagontha. Ntchito yake inali imodzi basi: kukopera chilichonse chimene kompyuta yaikulu ya ku Lilongwe yalemba. Tsono mayina atsopano analeka kufika, kuphatikizapo la apongozi a a Lemani.

Poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, uthenga unadzera mwa akazi awo, a Consolata. "Amayi akuti chimanga chikachita chikasu, mudzapinde mphasa yanu muzipita kwanu."

A Lemani analawirira kusitolo, nafufuza pamene zinaimira. Lilongwe inali italamula kuti a Simeon a ku Njombwa afufutidwe poti anamwalira. Kompyuta inawafunafuna osawapeza, ndiye inangoima njii, mauthenga onse am'mbuyo atandandana ngati ngolo pamlatho wogumuka.

"Achemwali, a Simeon ali kuti?" a Lemani anafunsa a Feliya, kalaliki wa pasitolopo.

"Kumanda. Ndinakaimba nawo nyimbo."

"Ndikunena m'kompyutamu."

"Ndinawachotsa nditangobwera kumaliro. Ndiziwaona m'mawa uliwonse ngati sindinalire nawo?"

"Maliro ali ndi eni ake, achemwali. Mwaika munthu a ku Lilongwe asanafike."

"Ndiye titani? Tiwafukule?"

"Eya."

A Feliya anatembenukira kukhoma. "Zimenezo ine mulibemo. Ndine wa Mvano ine."

A Lemani anavula chipewa, nalembamo a Simeon mwatsopano: dzina, nambala, mudzi, zonse monga analili. Kenako anadzutsa kompyuta ija. A Simeon anakhala ndi moyo kanthawi kosakwana kumeza malovu, Lilongwe inawafufuta mwadongosolo, mayina nkuyamba kukhuthuka.

Pofika masana mbiri inali itawanda pamzere wonse kuti mkamwini wa ku Kapelula amaukitsa akufa. Agogo ena anadzafunsa ngati angachitenso chimodzimodzi ndi malemu amuna awo, poti nawonso ankalandira kuponi.

Apongozi anagula matumba awo awiri. A Lemani anakankha matumbawo panjinga mpaka kumudzi, malaya ali nyowee.

Madzulo a Consolata anabwera ndi uthenga. "Amayi akuti boma lawakumbukira. Akutinso mawa mulawirire kothira feteleza."