Masamba Pamsewu wa ku Mwami

Tinanyamuka ku Kapata mbandakucha, Loweruka lina la mu Okutobala, tili atatu: ine, Yotamu ndi a Mwale. Timu yathu ya mpikisano wa njinga inali yomweyo. Tinayenera kukhala asanu, koma wina anatsegula m'mimba, ndipo wina mkazi wake anam'kumbutsa kuti njinga anagulira makala.

Yotamu amapalasa kabaza pamsika wa Kapata. Tsiku lililonse amakweza anthu ndi matumba awo pazitunda, moti njinga yopanda munthu kumbuyo amaiona ngati tchuthi. Okonza mpikisano analengeza kuti atatu oyambirira adzawatenga ku Lusaka, kukalowa timu yeniyeni yopatsa njinga ndi malipiro. Yotamu ankafuna kusiya kunyamula anthu. A Mwale amakonza njinga pansi pa mtengo, koma ali ndi njinga yamoto, choncho anali kochi. Ine ndinasiya koleji m'chaka chachiwiri, ndiye anandisankha kukhala woganiza wa timu, ndi kupalasako pang'ono.

M'tauni tinadya zitumbuwa, zitatu pa makwacha asanu, ndi tiyi wa shuga wongomuonetsa. A Mwale anali atachotsa kale kaliyala panjinga ya Yotamu kuti ipepuke. Kenako anatolera mafoni athu, kuwazimitsa, n'kuwaponya m'chikwama.

"Wopalasa sayankha foni," anatero.

Yotamu anapereka yake monyinyirika. Mkazi wake, Esnati, anali kumudzi kwawo akudwazika mayi ake, ndipo mudziwo unali m'njira ya mpikisano.

"Ndingowakwezera dzanja podutsa," anatero.

Poyambira panali anyamata a ku Lusaka, ovala timakabudula tothina ngati akuwasungira mlandu, njinga zawo zoti munthu n'kunyamula ndi chala. Mmodzi anayang'ana ya Yotamu.

"Bosi, kampando ka pasenja mwasiya kuti?"

"Kali kunyumba. Ukatopa unene, ndikakatenge."

Anatiyambitsa dzuwa litayamba kale kuluma. Njira inali yolowera ku Mwami, kupatuka tisanafike pachipata cha malire, kuzungulira m'mapiri, n'kubwerera m'tauni. Pachitunda choyamba chenicheni ndinafunsa miyendo yanga maganizo ake, ndipo tinagwirizana. Kusiya zinthu pakati ndi luso, ndipo ine ndinaliphunzira kukoleji. Njinga ndinasungitsa kwa mayi wina wogulitsa tomato.

"Mwafika kale, achimwene?"

"Gawo langa lathera pano, mayi."

Ndinakwera kumbuyo kwa a Mwale, nditakumbatira mabotolo a madzi, ndipo tinathamangira Yotamu. Tinam'peza akutsogolera. Phula linali litayamba kunyezimira ndi kutentha, mapiri ali gwa, opserera ndi moto wa osaka mbewa. A ku Lusaka aja ankaimirira pamapedulo, pakamwa pali yasa. Yotamu ankakwera atakhala, monga munthu wopita kukatenga kasitomala.

Chakufupi ndi Mwami, pamwamba pa chitunda, tinaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Wokulira kuno safunsa. Masamba pamsewu ndi maliro: watsika njinga, wavula chipewa, wayenda pansi mpaka wadutsa. Yotamu anamanga mabuleki, anatsika, anavula chisoti, n'kuyamba kukankha. A Mwale anazimitsa injini. Okwera asanu anatidutsa ngati mphepo, osacheuka.

Titakhota, tinapeza lole ya feteleza itafa m'mbali mwa msewu. Dalaivala anali chigonere kunsi kwake, akutafuna mtedza. Nthambi zija anayala ndi iyeyo, zochenjezera magalimoto.

"Maliro ali kuti?" anafunsa a Mwale.

"Ndi giyabokosi, bambo. Inatisiya Lachinayi."

Yotamu sanaseke, sanatukwane. Anavala chisoti n'kukwera. Zimene ndinaona pambuyo pake sindinaziwerengepo m'buku lililonse mwa mabuku amene sindinamalize. Pachitunda chotsatira anapitirira mmodzi. Pamsewu wafumbi, pomwe njinga zopyapyala zija zinkanjenjemera, anapitirira wina. Madzi amene ndinkam'patsa ankangodzithira kumutu. Mchere unayera pamsana pa malaya ake. Pofika pamtsetse wotsikira kwawo kwa Esnati anali wachinayi, wachitatuyo ali pafupi poti ukhoza kum'genda ndi chitsononkho.

Ndipo apo panalinso masamba.

Awa anali aawisi, ongothyoledwa kumene. Lole panalibe. Amuna anakhala mwakachetechete pansi pa mtengo wa mango, ndipo kulira kwa amayi kunkachokera m'nyumba ya malata ya chitseko chobiriwira. Nyumbayo ndinkaidziwa. Ndinamwerapo thobwa tsiku la ukwati wa Yotamu.

Ndinaona dzanja la Yotamu likupita pabuleki. Ndinalionanso likuchoka. Anaweramitsa mutu, anaponda masamba aja, n'kudutsa pakati pa anthu fumbi lili kobo. Mkulu wina anaimirira pakati pa amuna aja. Anali bambo ake a Esnati.

"Yotamu!"

Anaitana kamodzi kokha.

Ife tinatsika, tinavula zipewa, n'kukankha njinga yamoto. Ndi yolemera, ndipo msewu wa pamudzipo sunatalikepo chotero. Palibe anatilonjera. Esnati anali pakhomo, atafunda chitenje kumutu, akuyang'ana komwe fumbi la mwamuna wake linkathera.

Tinafika m'tauni masana, mpikisano utatha. Yotamu anamaliza wachinayi. Mphotho yake inali sikipa, malaya opanda kolala aja, ndi botolo la chakumwa chofunda. Tinam'peza atakhala m'ngalande youma, sikipayo ili pabondo. A Mwale anayatsa foni ya Yotamu n'kum'patsa, ndipo inalira, kulira, kulira ndi mauthenga a m'mawa. Sanatsegule ngakhale umodzi.

"Mwina sunaone bwino, aise," ndinatero, poti woganiza wa timu ayenera kunenapo kanthu. "Unayesa ndi lole ina."

"Ndinaona chitseko," anatero.

Tinabwerera kumudzi kuja. Yotamu anatsika njinga pafupi ndi lole ija, mudzi ukadali kutali, n'kuyamba kukankha.

"Ndanena kale kuti si maliro!" anakuwa dalaivala uja ali kunsi.

Tinam'pitirira. Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Yotamu anagoneka njinga m'mbali mwa msewu, anapita pomwe panali apongozi ake, n'kugwada. Amuna onse anayang'ana pansi. Mkuluyo anam'siya chigwadire nthawi yaitali.

"Mwapambana, apongozi?"

"Ayi, bambo."

"Njingayo imathamanga, taionera tonse. Nkhuni zatha, ndipo kuphiri n'kutali."

Yotamu anadzuka. Koma njinga inalibe kaliyala, ndiye nkhunizo anatuta paphewa, maulendo ndi maulendo, atavalabe nambala yake ya mpikisano kumsana. Palibe anam'kumbutsa kuti aichotse. Esnati anadutsa pafupi naye ndi ndowa ya madzi, osam'yang'ana.

Anaika maliro a mayi ake a Esnati Lolemba. Lachiwiri ndinam'peza Yotamu pamsika wa Kapata akumangirira kaliyala ndi kampando kake. Esnati akadali kumudzi, ndipo za tsiku lobwerera sanena. Ine ndimatsika paliponse pamene miyendo yadandaula, ndipo sizinanditayitsepo kanthu koposa satifiketi. Yotamu anakana kutsika kamodzi kokha m'moyo wake wonse.