Alamu Anga Anagwa, Anthu Nkuwomba M'manja

Inu owerenga, ine ndine nesi, ndipo ndathandiza anthu ambiri osawadziwa m'chipatala muno mu Leicester. Koma tsiku lomwe alamu anga ankafuna thandizo langa, ndinali nawo pafupi ndithu, ndipo ndinalephera kuwafikira.

Mnzanga wina wa kuntchito, mzungu, ndiye anandilowetsa m'gulu la anthu ophunzira kumenyana ndi malupanga monga ankachitira Angelezi akale. Malupangawo ndi obuntha, koma ndi achitsulo. Nyengo yotentha timakaonetsa nkhondo zakale m'mabwalo a kumidzi, anthu akuonerera kuseri kwa chingwe. Patapita zaka anandipatsa kagulu kanga koti ndizikatsogolera, kuwauza poima, nthawi yolowa ndi yobwerera.

Alamu anga a Yohane, achimwene a mkazi wanga, ankasamalira okalamba ku Loughborough. Akazi awo ndi ana anali kumudzi, choncho moyo wawo unali shifiti ndi kugona basi. Ndinawakopa kuti abwere. Poyamba ankandiseka kuti bambo wamkulu ndikusewera ngati mwana, koma atagwira mkondo anazikonda kuposa ine.

Mu 2018 kunatentha mpaka udzu wa m'mapaki unauma. Mkati mwa zovala zachitsulo timavalanso chijekete chokhuthala ngati bulangete. Tsiku lina la masewero ndinawaona a Yohane akupukuta thukuta tisanayambe nkomwe, ndipo ndinawafunsa ngati ali bwino.

"Alamu, ife takulira ku Chikwawa," anatero akuseka. "Kadzuwa ka kuno kangatitani?"

Pamasewerowa, amene wakhudzidwa ndi lupanga amagwa nkugona ngati wafa mpaka zonse zitatha. Kugwa si chachilendo. Kagulu kathu kanauzidwa kuzungulira kumbali kwa adani, ndipo a Yohane ndinawaika kumapeto kwa mzere. Titangokumana ndi adaniwo, ndinaona akugwa popanda wowakhudza. Sanagwe mosamala ngati m'mene timagwera. Mkondo unawapulumuka m'dzanja lamanja, iwo nkugwa chafufumimba. Oonerera anawomba m'manja.

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti si masewero. Ndinakuwa kuti tiime, koma mawu anga anathera m'chipewa chachitsulo. Ng'oma zinkalira, aliyense ankakuwa, ndiye ndani akanasiyanitsa kukuwa kwanga ndi kwa ena? Mzere wa adani unatikankha, ndinapanikizika pakati pa zishango mpaka kugwa, ndipo munthu wina wolemera anandigwera pamiyendo. Ndinayesa kumasula chipewa, koma zala zinali m'magolovesi achitsulo. Pa kampata koonera ndinkangowaona alamu anga ali gone, anthu akuwalumpha. Oyang'anira chitetezo anali mbali ina ya bwalo.

Pomwe ndinkawafikira, pakamwa panali patapotoka, mawu osatuluka. Inali sitiroko. Ambulansi inabwera, koma ine monga nesi ndikudziwa kuti matendawa sadikira munthu.

Madokotala sananene kuti kuchedwako ndiko kunawawononga, ndipo nanenso sindidziwa. Mkazi wanga sanandiimbepo mlandu. Anangondifunsa kamodzi tili m'basi, kuchokera kuchipatala.

"Inuyo munali kuti?"

Ndinayankha kuti ndinali pomwepo. Sanafunsenso.

A Yohane pano tikukhala nawo ku Highfields, konkuno ku Leicester. Dzanja lamanja siligwira, ndipo ntchito anasiya. Akazi awo akaimba foni kuchokera kumudzi, iwo amangomvetsera, ine ndi amene ndimawayankhira.

Inu amene mumatsogolera anzanu pa masewero otere, musalowe m'bwalo musanagwirizane chizindikiro choimitsira zonse, chimene munthu angachione ngakhale pali phokoso. Afunseni anthu anu za kuthamanga kwa magazi, ndipo musakhutire ndi nthabwala poyankha. Wina akagwa, pakhale womuyandikira nkumva mawu ake. Ine ndinaphunzitsa kagulu kanga kulowa, kutembenuka ndi kubwerera. Za kuima pakati pa nkhondo, palibe mmodzi wa ife anali ataziganizirapo.