Chitini cha Atate ndi Nyerere za Amayi

Atate anawapeza ndi matenda a shuga m'zaka zija chilichonse ku Kabwe tinkachigula pamzere. Kuchipatala anawapatsa jakisoni woti azidzibaya okha m'mawa uliwonse. Anawauza kuti akabaya azidya msanga, ndiponso aziyenda ndi maswiti m'thumba, kuti shuga akatsika kwambiri m'thupi aponye imodzi m'kamwa. Amayi sanapite nawo kuchipatalako. Atamva za maswitizo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Dokotala wake uti ameneyo, abambo? Wa kugolosale?"

Anawapisa m'thumba, n'kugawira maswitiwo ana a pa neba, Atate akuyang'ana.

Sindikunena kuti chikondi panalibe. Koma nyumba imene tinkakhala inali ya kampani ya mgodi, ndipo inkayendera mpweya wa Atate. Iwo akafa kapena akachotsedwa ntchito, tonse panja, kuphatikizapo ine ndi makina anga osokera, poti ndinali nditabwerera kwa makolo ukwati utatha. Choncho Amayi ankasamala Atate monga munthu amasamalira denga.

Timapiritsi toyezera mkodzo titasowa kuchipatala, Amayi anatsegula chipatala chawochawo kuseri kwa nyumba: chitini cha mafuta ophikira chodula pakati. Atate akadzuka ankakodzamo, chitini n'kuikidwa patsinde pa mpapaya, Amayi n'kunjuta pambali kudikira nyerere, poti zimatsata shuga. Zikabwera zochepa, Atate ankalandira nshima yonga dzira la nkhunda ndi masamba opanda mafuta. Zikachuluka, chakudya chawo chinali madzi otentha ndi pemphero.

"Amai," anadandaula Atate tsiku lina, "nyerere zimabwera ngakhale pa mphemvu yakufa."

"Ndiye mufuna kukamba kuti imwe ndimwe mphemvu?"

Ndikulumbira, nyerere za pakhomo pathu zinanenepa mpaka kumasiya mapazi pamchenga. Zina zinkachokera ku Chililalila, ndinaziona ndi maso angawa zikudikira sitima idutse kuti ziwoloke njanji. Atate anaonda, lamba n'kumawazungulira kawiri. Azimayi a pa neba ankasuzumira pampanda m'mawa, moni osapereka, funso lawo limodzi: "Lero zabwera bwanji?" Munthu amene ankatsika pansi pa mgodi n'kumalamula amuna anzake, mkodzo wake unkakambidwa pampopi ngati mtengo wa tinsomba ta kapenta.

Loweruka lina kunamveka kuti kusitolo ya boma kwabwera shuga. Lamulo linali paketi imodzi munthu mmodzi, ndiye Amayi anatitenga tonse, Atate omwe. Iwo sankaloledwa kudya shuga, koma manja onyamulira anali nawo. M'mawa umenewo anali atabaya kale jakisoni wawo. Nyerere zinali zitabwera ndi alamu awo omwe, choncho anachoka pakhomo m'mimba mulibe kanthu.

Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Mzere unazungulira sitolo, anyamata a chipani akuuwongola ndi timitengo. Amayi ndi ine tinali kutsogolo pamzere wa akazi. Ine ndili m'kati mwa sitolo, nditapanikizidwa pawindo, ndinaona Atate akutuluka thukuta ngati awathira ndowa. Anayamba kudzandira, n'kumutchula mnyamata wa chipani kuti "apongozi".

"Chakolwa!" anakuwa wina, poyesa kuti aledzera.

"Ba tata, kachasu m'mawa muno? Siyirankoni anzanu!"

Mzere wonse unaseka. Anthu anali ataima nthawi yaitali opanda chosangalatsa, ndiye sewero laulere analilandira ndi manja awiri. Atate anakhala pansi pafumbi. Nthawi yomweyo Amayi anatuluka m'sitolo, paketi yawo ili pachifuwa. Atate anaiona, n'kutambasula dzanja.

"Amai, pang'ono chabe. Palilime."

Amayi anabwerera m'mbuyo, paketi ataikumbatira ngati khanda.

"Onani, anthu inu! Adwala shuga, afunanso shuga! Afuna afe atisiye pamsewu!"

Anthu anawayamikira. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anawagwira paphewa, amvekere, "Limbani mtima, amai, amuna ni ana." Wina anati awathire Atate madzi kumutu, ndipo anawathiradi. Pamene ndinkatuluka, Atate anali atagona chammbali, maso atatembenuka, ndipo amene anali kumbuyo kwawo pamzere anali atawalumpha kale.

Tinawatengera kuchipatala pa wilibala ya munthu wogulitsa makala. Kumeneko anawabaya madzi a shuga mumtsempha, Amayi akuona, pakamwa pali yasa. Nesi anayang'ana paketi ija, imene inali isanachoke pachifuwa, n'kunena kuti supuni imodzi ikanakwana.

Atate anatsitsimuka mawa lake, koma sanabwerere onse. Lilime linkalemera, ndipo mawu ena ankawafunafuna osawapeza. Dokotala wa kampani anati munthu wotere sangatsikenso pansi. Mvula yoyamba inatipeza m'zipinda ziwiri za lendi ku Chowa. Posamuka, Amayi anasenza okha chitini chija pamutu, pamwamba pa mapoto. Mlandu wonse anauika pa nyerere za kunyumba za kampani, ati zinazolowera katangale. Za ku Chowa ndiye zinali zosauka ndi zoona mtima.

Pa nkhani ya maswiti Amayi anagonja, nesi atawakalipira. Koma m'thumba la Atate munali mosadalirika, choncho switi ankaimanga pangodya ya chitenje chawo, kuti mwini wake akaifuna aziipempha mwaulemu. Tsoka lake, mawu akuti switi anali m'gulu la aja anatsala pafumbi kusitolo. Thukuta likayamba, Atate ankangotambasula dzanja, milomo ikugwedera.

Amayi ankayang'ana dzanjalo, chala chili pamfundo ya chitenje.

"Mufuna chani, abambo? Kambani."