A Kalilu ndi Mapasa Awo

Chaka cha 1975, mvula itangosiya, a Kalilu anatsika basi pa Boma la Nkhotakota ali ndi bokosi lachitsulo, wailesi, ndi njinga yatsopano imene inali isanapondepo fumbi. Anali atakhala zaka zitatu ku migodi ya ku Joni. Pochoka anasiya mkazi wawo Madina ali ndi pakati, ndiponso kamwana kakakazi, Laila, kakungoyamba kumene kuyenda. Njira yonse yopita kumudzi kwawo, m'dera la Malengachanzi, ankangoganiza za mmene ana aja akawathamangire.

Anawo anathamangadi, koma mothawa. Laila atangoona munthu wamtali wa chipewa ndi jekete akulowa pabwalo, anataya chigoba chimene ankaseweretsa n'kukabisala kuseri kwa khola la nkhuku. Zaidi, mwana amene anabadwa iwo ali kutali uja, anakakamira chitenje cha amake n'kuyamba kulira ngati waona fisi.

"Iwe Laila, tabwera kuno," anatero Madina. "Awa ndi ababa ako. Dzawapatse moni."

"Si ababa awo," anayankha Laila ali kuseri komweko. "Ababa ali pachithunzi m'nyumbamo."

Anthu amene anabwera kudzalonjera anafa nalo phwete. A Kalilu nawonso anaseka. Iwo bambo awo sanawadziwe. Bambowo anapita ku Halale a Kalilu akadali kubere, n'kusanduka mtchona, moti mwanayo anakula osadziwa ngati bambo ake anali ndi ndevu kapena ayi. Tsiku limenelo, atakhala pamphasa pakati pa alendo, anadziuza kuti ana awo sadzakula akufunsa anthu za nkhope ya bambo wawo.

Masiwiti amene anabwera nawo sanathandize. Ana ankangotsomphola n'kuthawa. Sabata yonse Laila ankanong'oneza amake kuti, "Amayi, alendowa achoka liti?"

Chimene chinathandiza chinali chala. Ku mgodi mwala unawadula a Kalilu chala chaching'ono cha kumanzere. M'mawa wina atakhala pansi pa mango akusoka ukonde wa a Filipo, mnansi wawo amene anagwirizana naye zophera limodzi nsomba, anaona Laila akusendera pang'onopang'ono, maso ali pa dzanja lija.

"Chala chanu chili kuti?"

"Chinatsala ku Joni."

"Chikutani kumeneko?"

"Chikugwira ntchito. Ine ndinatopa, koma icho chinati chikadali ndi mphamvu."

Laila anaganiza kaye, kenaka anakhala pansi. "Nanga chimadya chiyani?"

"Buledi ndi tiyi. Koma chimadya pang'ono, pakamwa pake m'pang'ono."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse Laila ankabwera kudzamva za chala, ndipo a Kalilu ankayenera kukhala ndi nkhani yatsopano. Lero chakwezedwa kukhala kapitawo, mawa chagula nsapato imodzi. Sipanathe mwezi, anamumva akuuza anzake kumchenga kuti, "Ababa anga ali ndi zala zisanu ndi zinayi. Anu ali ndi zingati?" Zaidi yekha anagonja chifukwa cha belu la njinga. Ankaliliza mpaka nkhuku kuthawa pabwalo, ndipo tsiku lina analiliza mpaka kugona ali m'manja mwa bambo ake. A Kalilu anakhala osagwedezeka mpaka mwendo unachita dzanzi, kuopa kumudzutsa.

Chaka chotsatira, nthawi imene nsomba za mpasa zimakwera mtsinje wa Bua, a Kalilu ndi a Filipo anakamanga msasa kumathiriro a mtsinjewo. Madina anali ndi pakati pena, koma azimayi anati nthawi ikadalipo. Tsiku lachinayi a Filipo anapita kumudzi kukatenga ufa wa kondowole. Masana a Kalilu ali m'bwato anawaona akubwera chothamanga, opanda thumba la ufa, akukupiza manja pagombe.

"Mapasa! Achimwene, mapasa!"

A Kalilu anamva ngati akuti mpasa. Anasuzumira m'madzi uku ndi uku. "Zili kuti? Chikhalire pano m'mawa muja sindinaone ngakhale imodzi!"

"Osati nsomba! Ana! Alamu anga abereka ana awiri, mwamuna ndi mkazi!"

A Kalilu anaimirira m'bwato, chinthu chimene msodzi sachita, ndipo bwato linawakhuthulira m'madzi. Anasambira mpaka pagombe, n'kukwera njinga zovala zili chonyowa. Atafika kuchipatala cha pa Boma zinali zitauma ndi mphepo. Anawanong'oneza anawo mawu a azana, oitanira anthu kumapemphero, m'khutu monga mwa mwambo wa Chisilamu, koma kwa wachiwiriyo anasokoneza mawu moti anachita kubwereza. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anawatcha Adamu ndi Habiba.

Madina anataya magazi ambiri pobereka, ndipo achipatala anamuuza kuti asagwire ntchito yolemetsa kwa miyezi ingapo. Amayi ake anali atamwalira kale. A Jenifa, akazi a Filipo, ankathandiza kuphika ndi kutunga madzi, koma nawonso anali ndi ana awo anayi. Tsiku lina m'mawa a Kalilu anaona mulu wa matewera pakhonde, anaona mkazi wawo akuyesa kudzuka n'kugwira khoma, basi ananyamula beseni.

"Bambo a Laila, mukupita kuti ndi zimenezo?"

"Kunyanja. Ku Joni kunalibe mkazi wotichapira. Gonani, amake Laila."

Azimayi a padooko anayamba asiya kuchapa n'kumangoyang'ana. Tsiku lachitatu anali atawasungira kale mwala wawo.

Kubereka mwana kumbuyo ndiko kunavuta. A Jenifa anakana kuwapatsa khanda kuti aphunzirirepo. "Alamu, manja anuwo ndi a mgodi. Muyambe ndi ili." Anawaika dzungu pamsana n'kuwapatsa chitenje. Dzungu linagwa koyamba, linagwa kachiwiri, kachitatu linasweka, ndipo ana a nyumba zonse ziwiri anadya dzungu lophika tsiku limenelo. Ndi dzungu lachiwiri mfundo inagwira. Pofika sabata, Habiba sankagonanso pamsana pa munthu wina aliyense, mwina chifukwa msana wa bambo ake unali wotakata ngati chitseko.

Amuna anzawo sanawasiye. Lachisanu lina potuluka mumzikiti wina anati, "A Kalilu, akunena kuti mwayamba kuvala chitenje. Mayi aja anakudyetsani khuzumule eti?"

"Ngati ndi khuzumule, ngwokoma," anayankha a Kalilu akuvala nsapato. "Mubwere kunyumba, ndikakupemphereni wotsala."

Mapasa ali ndi miyezi isanu ndi inayi, tsiku la sikelo linafika Madina ali gone ndi malungo. Linali tsiku la katemera wa chikuku, ndipo chaka chimenecho chikuku chinali chitatenga ana angapo m'midzi yoyandikana. A Kalilu anasiya Laila ndi Zaidi kwa a Jenifa, anabereka Habiba kumbuyo, Adamu anamumanga pachifuwa ndi chitenje china, n'kuuyamba ulendo wapansi wa ku Boma.

Pafupi ndi msika anapeza anyamata a chipani ovala malaya ofiira atatchinga njira, akuona makhadi monga zinkakhalira masiku amenewo. Wamkulu wawo, mnyamata wa ndevu zongomera kumene, anawayang'ana kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, khadi."

"Lilipo, mwana wanga, koma lili m'thumba la malaya, ndipo pathumbapo pagona munthu. Tandigwirirani kaye."

Anamasula Adamu n'kumupereka. Mnyamata uja anamulandira ngati mbale ya mazira, manja ali kutali. A Kalilu anapisa m'thumba osafulumira. Adamu anatsegula maso, anayang'ana nkhope yachilendo, ndipo thewera lija linalephera ntchito yake. Madzi anatsetsereka pa malaya ofiira mpaka pa lamba.

Azimayi ogulitsa usipa pambali anaimba nthungululu. "Mwayi umenewo! Mwana wakusankha, chaka chino ukwatira!" Anzake a mnyamatayo anatembenukira kumbali mapewa akugwedera. Iye mwini anayesa kukwiya, koma Adamu anali atamugwira mphuno.

"Tengani mwana wanu, bambo. Pitani." Khadi lija sanaliyang'ane n'komwe.

Kusikelo anapeza azimayi oposa makumi asanu atakhala pakhonde akuimba nyimbo ya zakudya za magulu atatu. Nyimbo inazilala mwamuna atalowa. Namwino, mayi wonenepa wa mawu akulu, anafunsa, "Mayi wa anawa ali kuti?"

"Lero mayi wake ndi ine."

"Chabwino mayi, tiuzeni. Amadya chiyani?"

A Kalilu anafotokoza zonse: phala la mgaiwa lothira nsinjiro kawiri pa tsiku, usipa wosinja, nthochi yofinya. Anati Habiba ali ndi mano awiri am'munsi, Adamu limodzi lokha, ndipo Adamu anatsegula m'mimba sabata yatha koma anasiya Lachitatu. Namwino anaika cholembera pansi n'kutembenukira azimayi aja. "Mwamva? Mukawauze amuna anu." Atapachika ana pasikelo, Habiba anaposa mlongo wake, ndipo a Kalilu anati n'chifukwa amadya phala la awiri. Koma jakisoni atatuluka, munthu amene anaona miyala ikugumuka pansi pa nthaka uja anatseka maso n'kutembenukira kukhoma. Ana analira pang'ono n'kusiya. Azimayi anati bambowo ndiwo anachedwa kutonthola.

Madina anachira, thupi linabwerera, ndipo ntchito anayamba kugawana. Iye ankaviika chinangwa ndi kulima mpunga kudambo, iwo ankapita kunyanja mbandakucha n'kubwerako dzuwa lisanatenthe kuti asambitse ana. Ankawaika pamzere m'madzi ofika m'mawondo, wamkulu mpaka wamng'ono, sopo mmodzi, ndipo pomaliza wachinayi woyamba uja amakhala atagubuduka kale mumchenga. Mpunga ukacha banja lonse linkasamukira kudambo kukaingitsa mbalame, ndipo phokoso la ana anayiwo linkateteza ndi minda ya eni ake yomwe.

Sikuti a Kalilu sankapsa mtima. Tsiku lina atabwerako kunyanja anapeza wailesi yawo ya ku Joni ikudontha madzi, Zaidi ataima pambali ndi chikho, mapasa akuyang'anira.

"Wachita ichi ndani?"

"Ndine, ababa," anatero Zaidi mosaopa. "Anthu a m'katimo akhala akuyankhula chiyambire m'mawa. Anali ndi ludzu."

A Kalilu anathyola kamtengo, anakayang'ana, anayang'ana mwanayo, kenaka anatuluka n'kuyenda mpaka kwa a Filipo. Kumeneko, pofotokoza mlanduwo, anafika pa mawu a ludzu aja n'kulephera kumaliza. Amuna awiri akuluakulu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wailesi anaiyanika padenga masiku atatu ndipo inayambanso kuyankhula, ngakhale kuti mawu ake anakhala a chimfine mpaka kalekale.

Kulemba anthu opita ku migodi kutayambiranso, anzawo ambiri anapita, ndipo ena anabwerako n'kufolera nyumba ndi malata. Madina anawafunsa tsiku lina akupeta mpunga. "Bambo a Laila, ngati mtima ukufuna, pitani. Ana akula tsopano, ndikwanitsa."

"Akula kuti? Adamu sanayambe n'kupalasa bwato komwe. Malata adzagula okha akadzakula." Nyumba yawo inakhalabe ya udzu, ndipo chaka chilichonse mvula isanagwe ankafolera ndi ana omwewo, Laila akuponya mitolo, Habiba akulamula aliyense.

Mapasa atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, a Kalilu anawaperekeza kukalembetsa sukulu. Masiku amenewo aphunzitsi ankayesa msinkhu pouza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Habiba anagwira mosavuta. Adamu anayesa, anapendeketsa mutu, anatulutsa lilime, koma zala zinalekeza pamwamba pa khutu.

"Uyu abwere chaka chamawa," anatero aphunzitsi aakulu.

Habiba anavula kathumba kake ka nsalu n'kukaika patebulo la aphunzitsi. "Ndiye inenso ndibwera chaka chamawa."

"Aphunzitsi," anatero a Kalilu atagwira chipewa m'manja, "anawa anabadwa tsiku limodzi, ndipo mnyamatayu ndiye anatsogola. Vuto si dzanja ayi. Mutuwu ndi waukulu, watengera ine. Taonani." Anadutsitsa dzanja lawo lamanzere pamutu, n'kumachita ngati nawonso akulephera.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Lembani onse awiri," anauza mnzawo. "Bambowa okha ndiye abwere chaka chamawa."

A Kalilu anabwerera kunyumba okha. Pabwalo panali zii. Anakhala pansi pa mango, anatenga ukonde, anausiya. Anakatunga madzi ngakhale mitsuko inali yodzaza. Madina ankawayang'ana ali pamtondo. Dzuwa lisanafike pamutu anawaona akuvala chipewa.

"Mukupita kuti?"

"Kwa a Filipo."

"Kwa a Filipo ndi uku. Uko ndi kusukulu."

Anapitabe. Anakaima kuseri kwa mpanda mpaka belu linalira, ndipo mapasa anatuluka akukangana, Habiba akuti chilembo chimene aphunzira chikufanana ndi dzira, Adamu akuti chikufanana ndi diso la chambo. A Kalilu anagwira aliyense dzanja lake n'kuwauza kuti akajambule pamchenga kunyumba, amayi awo ndiwo akaweruze.