Dzina la pa Ovolosi

Kufakitale ya mipando ku Willowvale, m'dziko la Ashona, ndinali munthu wosamva Chichewa. Kunyumba ku Highfield ndimachiyankhula ndi bambo anga tsiku lililonse, koma ndinkachisiya pageti, kuopa kutchedwa mubwidi, dzina lomwe amanyozera nalo Amalawi.

Kenako kunabwera a Jamu, kalipentala wochokera ku Ntcheu. Mwana wawo anamwalira kumudzi, iwo n'kulephera kupita kumaliro chifukwa chosowa mapepala oyendera. Anasiya kudya. Pankhomaliro ankakhala okha kuseri kwa matabwa, kumangoyang'ana manja awo.

Kapitawo anawaitanira nesi, koma awiriwo sanamvane. Nesiyo anasuzumira pakhomo n'kufunsa m'Chishona ngati panali womva chiyankhulo cha mkuluyo. Ine ndinawerama n'kuyamba kupala thabwa lomwe linali losalala kale. Ndinalipala mpaka kuliwononga.

Mawa lake a Jamu anandipeza pampopi.

“Achimwene, maganizo andichulukira. Tulo sindikutiona,” anatero motsitsa mawu.

Kwathu wofedwa timamugwira dzanja, kukhala naye pansi, n'kunena kuti pepani. Ine ndinayankha kuti, “Handinzwi,” ndiye kuti sindikumva. Ndinasekererako pang'ono kuti anzanga aone.

Sanakwiye. Anangoyang'ana pachifuwa panga kwa kanthawi, kupukuta manja, n'kumapita. Sabata isanathe anasiya ntchito, ndipo palibe akudziwa komwe analowera.

Ovolosi yomwe ndinavala tsikulo ndikadali nayo. Pathumba lake lapachifuwa pali dzina langa, losokedwa ndi ulusi wofiira: MWALE. A Jamu Chishona sankachidziwa, koma kuwerenga ankadziwa.